Phunziro la ku Mbenji: Nthaka Nayonso Ifuna Mwambo

Mafumu, atsogoleri a Chipani a m'nthambi ndi m'madera, alangizi a zaulimi ndi onse ogwira ntchito m'Boma: nkhani ya lero ndi ya feteleza, koma iyambira panyanja.

Chaka ndi chaka, mwezi wa December ukafika, chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira m'boma la Salima, chimatsekedwa. Asodzi amapinda makoka awo a chilimira nabwerera kumtunda kufikira mwezi wa April. Mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo wathandiza kuti utaka uziswana mosasokonezedwa. Miyezi yotsekayi ndiyo ya dzinja, pamene msodzi amatenga khasu. Tsono munthu amene wadziwa kupumitsa nyanja ayenera kudziwanso kusamala nthaka, pakuti chuma chili m'nthaka.

Mlimi wa kunyanja amagula feteleza ndi thukuta. Pafupifupi feteleza yense wa dziko lino amachokera kunja, kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mtengo wake unakwera mu 2022 chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, ndiponso pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Thumba limene latayika m'munda chifukwa cha kusadziwa ndi njala ya banja lonse.

Apa ndipo pofunikira ntchito ya ofufuza. Sukulu ya zaulimi ya Bunda inakhala nthambi ya University of Malawi mu 1967, ndipo kuyambira mu 2012 ndi likulu la yunivesite ya LUANAR. Akatswiri ake, pamodzi ndi anzawo a pa malo ofufuzira a Boma monga Chitedze ku Lilongwe, ndi Chitala ndi Lifuwu ku Salima konkuno, akhala akuyesa nthaka ndi mbewu kwa zaka zambiri. Pa zimene zadziwika, zitatu ndi zazikulu.

Choyamba ndi muyezo. Kale alimi onse ankauzidwa muyezo umodzi wa feteleza wa chimanga, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Pakati pa zaka za m'ma 1990, Unduna wa Zaulimi unayesa miyezo yosiyanasiyana m'minda yambirimbiri ya alimi m'dziko lonse, ndipo kunaoneka kuti muyezo wopindulitsa dera lina ungathe kulowetsa pansi mlimi wa dera lina. Dothi lamchenga la kugombe ndi katondo wa kumtunda sizidya mofanana.

Chachiwiri ndi nthawi. Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni, mchere umene umabiriwiritsa chimanga. Mchere umenewu suchedwa kuthawa. Ukasiyidwa poyera padzuwa umauluka, ndipo m'dothi lamchenga mvula yamphamvu imautsitsa kunsi kumene mizu sifika. N'chifukwa chake feteleza wokulitsa athiridwe pobzala kapena chimanga chitangomera, ndipo wobereketsa atsatire patapita masabata atatu kapena anayi, m'dothi lachinyontho, nakwiriridwe. Munda ukhale wopalira, chifukwa udzu ndi kaufiti zimadya nawo.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi chonde cha nthaka yeniyeniyo. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimodzi, koma sabwezeretsa dothi lotopa. Pulofesa George Kanyama-Phiri wa ku Bunda, amene pambuyo pake anakhala mkulu woyamba wa LUANAR, ndi Dr. Sieglinde Snapp pamodzi ndi anzawo, anafalitsa mu 2010 zotsatira za kafukufuku wa m'minda ya alimi a ku Malawi. Anapeza kuti mlimi akachita kasinthasintha wa chimanga ndi mbewu zokhalitsa m'munda monga nandolo, amakolola chakudya chofanana ndi cha wobzala chimanga chokhachokha, ngakhale atathira theka la feteleza. Chinsinsi chake chili ku mizu: nandolo, mtedza ndi soya zili ndi timafundo timene timatenga naitirojeni mumpweya, ndipo masamba ake akawolerana amasanduka chakudya cha chimanga cha chaka chotsatira. Mu 2016 Boma linavomereza njira yobzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi kuti iziphunzitsidwa kwa alimi.

Anthu a ku Salima sali alendo pa nzeru imeneyi. Mtengo wa nsangu, umene ndi wochuluka m'minda ya kunyanja, umayoyola masamba m'dzinja, ndipo makolo anaona kalekale kuti chimanga cha patsinde pake chimabereka bwino. Ofufuza angotsimikiza ndi sikelo zimene agogo anaona ndi maso.

Udindo tsono uli pa atsogoleri. Kuyambira mu 2005 Boma lakhala likuthandiza alimi kugula feteleza pa mtengo wotsika, koma thumba lofika mochedwa, chimanga chitamasula kale ngaiyaye, ndi chuma cha dziko chotayika. Kalaliki wogawa zipangizo afulumire mvula isanagwe. Mlangizi akhazikitse munda wachitsanzo m'mudzi, kuti alimi ayerekeze okha mizere ya chimanga chotsatira nandolo ndi mizere ya chimanga chotsatira chimanga. Wapampando wa nthambi akhale woyamba kuleka kutentha mapesi, ndi kusunga mbuzi zake kufikira nandolo wa mnzake atakololedwa.

Ku Mbenji lamulo limagwira ntchito chifukwa mfumu, komiti ya padoko ndi asodzi anamvana, ndipo wophwanya amalangidwa. Mudzi umene ungamvane chomwecho pa za ziweto, moto wa tchire ndi mitengo ya nsangu udzaona thumba limodzi la feteleza likugwira ntchito ya matumba awiri.