Flames ikusewera, ine ndili ku Zambia ndi kafoni m'manja

Amene simunabwere ndipo mukuwerenga izi pa tsamba lathu, nkhaniyi ndi yanunso.

Pa 20 Novembala 2022 World Cup inayamba ku Qatar, ndipo inathera pa 18 Disembala. Nthawi imeneyi ndi yomwenso ambiri a ife timayenda. Wina akuperekeza amayi ake kukaoda katundu ku Dar es Salaam, wina achimwene ake amuyitana ku Joni, ena akungowolokera ku Chipata kapena ku Tete. Ndiye a komiti anati ndiyankhulepo za kuonera mpira pa foni ukakhala kunja. Sikuti anandisankha chifukwa ndine katswiri ayi. Anandisankha chifukwa pagulu lonseli amene zinamuonekera ndine, ndipo ena mwa inu munalandira nawo mauthenga aja. Tifikako.

Mukukumbuka Januwale wa 2022. AFCON inali ku Cameroon, ija ankaitchabe ya 2021 koma inaseweredwa mu 2022. Flames inali itapitako kachitatu m'mbiri yake, kuchoka pa 1984 ndi 2010. Ine nditamaliza Folomu 4 ndinkangokhala pakhomo, ndiye azakhali anga amene amakhala ku Chawama, ku Lusaka, anati ndipite ndikawathandize pa shopu kwa milungu ingapo. Tsiku la ulendo linagwera Lachisanu pa 14 Januwale, tsiku lomwe tinkakumana ndi Zimbabwe. Gemu yoyamba tinali titaluza 1-0 ndi Guinea, ndiye imeneyi inali yofa kapena kuchira. Ndinayesa kuwanyengerera amayi kuti ndinyamuke Loweruka. Anangondiyang'ana, basi nkhani inathera pomwepo.

Ndinadziona wochenjera. Usiku wake ndinagula bandulo yayikulu, ndinatsalanso ndi mayunitsi a K3,000, foni ndinatchaja mpaka kudzadza. Ndinati mpirawu ndionera m'basi momwemo. Titadutsa Mchinji n'kudinditsa mapasipoti pa Mwami, foni inalira kauthenga kondilandira m'dziko la Zambia. Ndinasangalala, eti, ndimvekere netiweki ilipo. Chomwe sindinkadziwa ndi chakuti bandulo yanga inatsalira pa boda. Ukawoloka, foni yako imakhala ikubwereka netiweki ya kampani ya dziko linalo, ndiye zomwe amati roaming, ndipo mitengo yake ndi ina. Pa Chipata ndinatsegula data kuti ndiwauze amayi kuti ndawoloka bwino. Kumbuyoku foni inayamba kukoka yokha zithunzi ndi mavidiyo a m'magulupu onse a WhatsApp, kuphatikizapo gulupu yathu ino imene situla tulo. Tisanafike ku Katete mayunitsi anali atatha psiti.

Gemu inayamba 6 koloko madzulo. Ku Cameroon inali 5 koloko, chifukwa iwo ali m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, pomwe ife ndi Zambia nthawi ndi imodzi. Tinali titawoloka mlatho wa Luangwa, tikukwera mapiri aja. Pafupi nane panakhala bambo wina wa ku Petauke. Ataona kuti ndikungotembenuzatembenuza foni ngati munthu wodwala mano, anafunsa chavuta n'chiyani. Nditawafotokozera anaseka, n'kunditsegulira hotspot. Mulungu awadalitse bambo amene uja. Koma m'mapiri muja netiweki imabwera ngati mvula ya mawawa. Chomwe ndinaonera kwambiri tsiku limenelo ndi kagudumu kaja kamazungulira pakati pa sikirini. Zimbabwe inagoletsa kudzera kwa Ishmael Wadi, sindinaone. Gabadinho Mhango anabweza tisanapite kopuma, sindinaone. Anagoletsanso chachiwiri m'chigawo chachiwiri, ndinadziwira uthenga wa mng'ono wanga umene unangoti "GABAAAAA", ndipo unafika pamodzi ndi mauthenga ena makumi angapo titatsikira pamalo pena pamene panali netiweki. Kupambana kwathu koyamba ku AFCON chigonjetsereni Algeria 3-0 mu 2010, ine ndinakuonera pa mawu amodzi.

Ku Lusaka ndinagula SIM ya komweko. Amalembetsa ngati mmene timachitira kuno, ndiye nyamulani pasipoti popita, ndipo gulani pa shopu yeniyeni, osati yolembetsedwa kale m'dzina la munthu amene simukumudziwa. Bandulo ndinagula. Ndinati tsopano zatheka. Koma apa ndinakumana ndi khoma lina. Malo ena odziwika bwino oonetsa mpira, ukadina amangokuuza kuti vidiyoyi sikupezeka m'dziko limene uli. Chifukwa chake ndi ichi. Eni mpikisano, kaya ndi CAF kaya ndi FIFA, amagulitsa chilolezo choonetsa masewero dziko ndi dziko kapena chigawo ndi chigawo. Kanema amene wagula chilolezo cha dziko limodzi saloledwa kuonetsa kwa munthu amene ali kwina. Foni yako ikalumikizidwa ku intaneti imakhala ndi nambala imene amati IP address, ndipo nambala imeneyo imaulula dziko limene uli. Ndiye ngakhale uli ndi akaunti yolipira bwinobwino, si nthawi zonse imakutsata ukawoloka. Ngati kwanu mumalipira kanema amene ali ndi app, funsani musananyamuke ngati ikagwire ntchito kumene mukupitako. Ena pano anena za VPN, ndakuonani mukugwedeza mitu. Inde imanamiza kuti uli dziko lina, koma zaulere zija zimachedwetsa chithunzi, zimadya batire, ndipo zonse zimene ukuchita pa foni zikudutsa m'manja mwa munthu amene sukumudziwa.

Tsopano nkhani yochititsa manyazi ija. Lachiwiri pa 18 Januwale tinkasewera ndi Senegal, ya Sadio Mané. Azakhali anali atandisiya ndekha pa shopu, sindikanachoka. Patangotsala mphindi zochepa kuti gemu iyambe, m'gulupu ina ya mpira munthu anaponya linki, akuti onerani Malawi ndi Senegal ulele, chithunzi choyera. Ndinadina. Panatseguka masamba atatu a kubetcha, ndinatseka. Panatseguka lina londiuza kuti foni yanga ili ndi vayirasi, ndinatseka. Kenako panabwera tsamba la buluu, lofanana ndendende ndi Facebook, likuti lowani kaye kuti mutsimikize kuti ndinu wamkulu. Anzanga, nyimbo za fuko zinali zikuimbidwa nthawi imeneyo. Sindinayang'ane n'komwe adiresi pamwamba paja. Ndinalemba nambala yanga, ndinalemba pasiwedi.

Ndipo mpira unabweradi, ndicho chopweteka chake. Wosaoneka bwino, wofotokozedwa m'Chiarabu, woimaima, koma unabwera. Ndinaona penate ija oyimbira anatipatsa, kenako n'kupita kukaona pa VAR n'kuikana. Ndinakuwa ndekhandekha m'shopu mpaka mayi wogula sopo anabwerera pakhomo. Zinathera 0-0, tinatola mapointi anayi, ndipo anatikwanira kulowa ndime ya matimu 16 koyamba chiyambire. Usiku umenewo ndinagona mtima uli mbee.

M'mawa mwake akaunti yanga ya Facebook sinkatsegukanso. Munthu anali atasintha pasiwedi, n'kuyamba kulembera abale anga ndi anzanga mmodzimmodzi. Ankati ndaberedwa ku Lusaka, ndilibe ya basi, nditumizireni kangachepe pa nambala iyi ya mnzanga. Taganizani bwino apa. Ndikanakhala ndili ku Kawale, aliyense akanangoseka, kapena kubwera kunyumba kudzandiona. Koma ine ndinalidi ku Lusaka, ndipo ndinali nditaponya ndekha chithunzi ndili pa Intercity. Nambala yanga ya kuno sinkapezeka chifukwa SIM ndinali nditaichotsa n'kuisunga m'chikwama. Bodzalo linakhala ndi miyendo. Msuweni wanga wa ku Chinsapo, amene amagulitsa tomato pamsika, anatumiza K15,000. Amayi tsiku limenelo sanadye, anayenda mpaka kwa neba kukapempha kuti awaimbire azakhali. Ndipo pofuna kubweza akaunti, nambala yachinsinsi ankaitumiza pa SIM yomweyo ya m'chikwama. Zinanditengera masiku anayi. Mwayi wake nthawi imeneyo sindinali admin wa tsamba la kilabu lino, apo ayi likanapita nalo.

Choncho ngati foni yanu ndi ya malo awiri a SIM, ya kwanu isiyeni momwemo, mungothimitsa data roaming. Nambala yatsopano ipatseni anthu akunyumba tsiku lomwelo. Ndipo linki ya mpira ikakufunsani pasiwedi, kapena ikakuuzani kuti muyike kaye app inayake imene sili pa Play Store, tulukanimo ngakhale ikhale fainolo.

Ya Morocco inali Lachiwiri linalo, pa 25 Januwale, 9 koloko usiku. Ndinali nditalapa. Mwana wa azakhali ananditengera pa malo ena oonetsa mpira momwemo mu Chawama, ofanana ndi mavidiyo shoo athu omwewa: mabenchi, malata, kanema wamkulu kutsogolo, wolandira ndalama pakhomo. Zambia sinapite nawo ku mpikisano umenewo, ndiye ndinkaganiza kuti mukhala anthu ochepa. Munadzadza. Atamva mmene ndikuyankhulira anadziwa kuti ndine wa ku Malawi, wina amvekere, "Mupatseni malo kutsogolo uyu, lelo ni siku yake." Anandikhazika pa benchi yoyamba ngati mlendo wolemekezeka.

Kuno kumudzi zinthu zinali zitaipa. Namondwe wa Ana anali atangowomba, madzi osefukira anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo madera ambiri anali mu mdima. Kwathu ku Kawale magetsi kunalibe. Mng'ono wanga uja, amene anandiuza za Gaba ndili m'basi, tsopano ndi amene ankandipempha kuti ndizimulembera zimene zikuchitika, foni yake itatsala ndi moto wochepa.

Mphindi ya 7. Gaba walandira mpira kutali, kutali zedi, malo amene munthu wanzeru zake samenyerapo. Anakweza maso, anaona kuti goloboyi Bono wasuntha pang'ono pagolo, n'kuumenya. Ine ndinaona ukonde ukugwedezeka, kenako sindinaonenso kanthu chifukwa anthu anandinyamula. Azambiya, anthu osandidziwa dzina, anandikweza m'mwamba mpaka mutu unagunda denga. Benchi ina inathyoka. Pofuna kumulembera mng'ono wanga manja ankanjenjemera, ndinangotumiza zilembo zopanda tanthauzo, koma anamva. Zotsatira mukuzidziwa. Charles Thom anagwira mipira imene mpaka lero sindimvetsa anaigwira bwanji, En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chikutha, kenako Hakimi anamenya firikiki ija ya mphindi ya 70. Tinatuluka 2-1. Potuluka m'holo muja mdala wina anandigwira paphewa n'kundigulira chakumwa chozizira. Anati nawonso anadikira nthawi yayitali asanatenge chikho chawo mu 2012.

Panali kanthu kena kamene ndinakaona usiku umenewo. Panja panali anyamata awiri opanda ya pakhomo, akuonera pa foni. Ife titakuwa chigoli cha Gaba, iwo pa foni pawo mpira unali usanafike n'komwe kwa Gaba. Mpira wa pa intaneti umachedwa, nthawi zina theka la mphindi, nthawi zina kuposa. Ndiye ngati mukuonera pa foni, thimitsani zidziwitso za WhatsApp, apo ayi gulupu ino ikuuzani chigoli musanachione.

Za ku Qatar tsopano, mwachidule. Iwo ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndiye magemu ambiri a m'magulu kwa ife ankayamba 12 koloko masana, 3 koloko, 6 koloko madzulo ndi 9 koloko usiku. Amene mukupita ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa nthawi ndi yomweyi. A ku Tanzania muwonjezere ola, chifukwa kumeneko nthawi ikufanana ndi ya ku Qatar. Za data, ine ndinayesa ndekha nditabwerera. Gemu imodzi ndi nthawi yopuma ndi pafupifupi maola awiri. Pa chithunzi choyera cha 720p inandidyera kuposa 2GB, koma nditatsitsa kufika pa 360p sinafike n'komwe 1GB, ndipo pa kasikirini ka foni mpira umaoneka ndithu. Netiweki ikakhala yofooka ngati ya m'mapiri a Luangwa, musalimbane ndi chithunzi. Sakani wailesi imene ikuulutsa pa intaneti, mawu okha amadya data yochepa kwambiri ndipo saimaima chisawawa. Ndikanadziwa zimenezi, zigoli ziwiri za Gaba ndikanazimva ndi makutu anga. Pawabanki nayo nyamulani, chifukwa soketi ya m'basi imodzi imalimbiranidwa ndi anthu khumi.

Matimu a ku Africa analipo asanu: Senegal, Morocco, Tunisia, Cameroon ndi Ghana. Ine Morocco ndikanali nayo kuipidwa.

Tikatseka mkumano ndikhala panja pansi pa mtengo wa mango uja. Amene mukufuna kuti tiyike chitetezo chachiwiri pa Facebook ndi WhatsApp, chija amati two-step, bwerani ndi mafoni anu, sizitenga mphindi zisanu. Ma admin a tsamba lathu muyambe ndinu, a tcheya avomereza kale. Koma 4 koloko ndichoka, ndikupita ku Chinsapo. Pa K15,000 ya msuweni wanga ija ndatsala ndi K4,000, ndipo ndinamulonjeza lero.