Kulimbitsa Ciwongolero ca Vaneti Yaikulu

Pa miseu ya ku migodi, kucokera ku Kitwe kufikira ku Solwezi, pamayenda mavaneti akulu-akulu onyamula anthu, simenti ndi zitsulo. Ena mwa iwo ndi a mtundu wa Toyota Land Cruiser 79, umene unayamba kupangidwa m'caka ca 1999. Galimoto yotere ikagwira nchito zaka zingapo pa mseu wa maenje, ciwongolero cimayamba kugwedera m'manja, ndipo mwini wace amalangizidwa kuti agule zitsulo zonenepa koposa zakale. Uphungu umenewu suli woipa, koma uli wopelewera. Citsulo conenepa sicithandiza kanthu ngati mfundo zina zinatha, kapena ngati cimangidwa mokhota.

Coyamba munthu ayenera kudziwa njira imene mphamvu ya manja ace iyendamo. Akapotoza ciwongolero, mphamvuyo itsikira ku bokosi lokhala pa chasisi. Pansi pa bokosilo pali mkono waufupi, ndipo mkonowo ukankha ndodo yacitsulo yochedwa drag link, imene ikhotetsa gudumu limodzi la kutsogolo. Ndodo yaciwiri, yochedwa tie rod, ilumikiza magudumu awiriwo kuti azikhotera pamodzi. Ku nsonga za ndodo zimenezi kuli mfundo zozungulira ngati za m'ciuno ca munthu, zodzala ndi girisi ndi zophimbidwa ndi mphira. Mphirayo ikang'ambika, fumbi ndi matope zilowa, ndipo mfundo ipelepeseka msanga.

Tsono asanagule kanthu, mwini wace afunika kupeza pamene patha. Nchito imeneyi ifuna anthu awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Galimoto iime pamalo osalala, magudumu ali pansi, buleki ya pamanja itamangidwa. Wina akhale m'kati nagwedeza ciwongolero uku ndi uku, mnzace ayang'ane mfundo imodzi-imodzi. Mfundo imene ilumpha kapena kulira kuti go, go, yatha. Ayang'anenso mphira za ndodo yochedwa Panhard, imene iletsa ekselo kuyenda cam'mbali, ndiponso mabering'i a magudumu ndi mabauti a bokosi lija. Kawiri-kawiri kugwedera kumene anthu amanamizira tie rod kucokera kumeneko, kapena ku matayala akutha mbali imodzi. Ena amathamangira kugula damper yatsopano, imene ifewetsa kugunda kwa mseu. Iyo ingabise kugwederako kwa kanthawi, koma mfundo yakutha ikhalabe yakutha.

Ndodo zonenepa zili ndi nchito yace. Galimoto yoyenda m'miyala ndi m'zitsa, kapena yovekedwa matayala akulu, imapinda ndodo wamba, ndipo yonenepa ipilira bwino. Komatu walira mvula walira matope. Ndodo yosapindika sicotsa mphamvu ya kugunda mwala. Ingoipititsa kutsogolo, ku mfundo ndi ku bokosi, limene mtengo wace uposa wa ndodo kutali. Cifukwa cace munthu wanzeru amagula ndodo pamodzi ndi mfundo zace zopangidwira galimoto ya mtundu umenewo, ndipo saleka kucepetsa liwiro pa maenje. Amene akweza galimoto yace kuti italikire pansi akumbukirenso kuti drag link ndi Panhard ziyenera kupendekeka mofanana. Zikasiyana, galimoto imadzikhotera yokha pamene igunda cigwembe.

Kumanga ndiko kufuna cisamaliro coposa zonse. M'mwezi wa November 2013 kampani ya Chrysler ku America inaitana magalimoto a mtundu wa Ram oposa 1,000,000 kuti abwelere kwa ogulitsa akapimidwe. Colakwa cace cinali cakuti tie rod ina inkatha kumangidwa mosalunjika, ku fakitale kapena pokonza, ndipo yotero ikhoza kuthyoka galimoto ili kuyenda. Ngati zotere zicitika ku fakitale yaikulu, makaniko wa pansi pa mtengo ayenera kucenjera kuposa apo.

Makaniko wabwino ayesa utali wa ndodo yakale asanaicotse, kuti yatsopano ilingane nayo. Apukuta dzenje lolowamo msomali wa mfundo kuti musakhale dzimbiri. Amanga nati ndi sipanala yoyesa mphamvu, monga mwa muyeso wa m'buku la galimotoyo, napisa pini yatsopano yoletsa natiyo kumasuka. Ngati boo la pini silinalunjike, aonjeza kumanga pang'ono; sabweza nati m'mbuyo ai. Msomali wa denga kapena waya sizilowa m'malo mwa pini. Ndodo yopindika saiwongola ndi moto, ndipo yothyoka saiwocelera, cifukwa citsulo cotenthedwa cisanduka cofooka ngakhale cioneka bwino kunja.

Potsiriza galimoto ipite kwa oyesa magudumu. Kusiyana kwa mamilimita owerengeka cabe pakati pa magudumu a kutsogolo kudya matayala atsopano m'miyezi yocepa, ndipo ndalama zonse zimene munthu anaika pa zitsulo zitayikira pamenepo. Patapita masiku angapo manati ayang'anidwenso, ndipo mfundo zokhala ndi popopera girisi zizipatsidwa girisi nthawi ndi nthawi, makamaka m'dzinja.

Injini ikafa, galimoto iima m'mbali mwa mseu, anthu natsika. Koma mfundo ya ciwongolero ikazuka, woyendetsa alibenso cocita, ndipo kumbuyo kwace kuli anchito anzace kapena ana a mnansi wace. Cotero mwini vaneti asanyadire kunenepa kwa ndodo zace asanagwade ndi kuona yekha kuti pini iliyonse ili pamalo pace.