Dzina Losayankhidwa M'kaundula wa Sukulu

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Mchinji, boma la kumadzulo kwa Chigawo cha Pakati limene kale linkatchedwa Fort Manning. Omvera amene adayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe, kudzera pa Kamwendo mpaka ku malire a Mwami, akudziwa kuti dera limeneli ndi lachonde, la chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Akudziwanso kuti kuchokera pa boma la Mchinji, mzinda wa Chipata ku Zambia uli pafupi kuposa Lilongwe. Zinthu ziwirizi, munda ndi malire, zimalowa m'kalasi ya sukulu ya pulayimale pamodzi ndi mwana m'mawa uliwonse.

Munthu wofuna kumva za pamudzi asavutike ndi kufunsa pa msika. Apemphe mphunzitsi wamkulu kuti amuonetse kaundula wa mayina a ana, pakuti m'menemo mudalembedwa zonse, ngakhale kuti wolembayo ankangochonga amene wabwera ndi amene wajomba. M'mwezi wa September, pamene chaka cha sukulu chikuyamba, chipinda cha Sitandade 1 chimadzaza mpaka pakhomo. Mvula ikagwa, mayina amayamba kusowa oyankha. January ndi February ndiyo miyezi yowawitsa: nkhokwe yapepuka, makolo ali pa ganyu m'minda ya ena, ndipo mwana wogona ndi njala sauona mtunda wa ku sukulu monga adauonera mu October. Kenaka fodya amacha, ndipo timanja ta ana timafunidwa pa chigafa kuti tisoke masamba. Fodya asanathe, mtedza wakhwima, ufunika kukumba ndi kuthothola. Ana a matenanti a m'maesiteti ali ndi vuto laolao, chifukwa nyengo ikatha banja limasamuka, ndipo dzina la mwana limatsala m'kaundula mwini wake ali boma lina.

Tsono pali malire. Mzere umene udalembedwa pa mapu m'nthawi ya atsamunda udadutsa pakati pa abale. Achewa a ku Mchinji amapita ku Mkaika, m'boma la Katete, kukachita nawo mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi mu August, ndipo Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ndi a mtundu umodzi ndi a kwa Mpezeni. Palibe cholakwa pa chibale chotere. Koma njira yomwe amadzera wopita ku maliro ndiyo amadzeranso munthu wofuna mnyamata woweta ng'ombe kapena wolima m'munda wa tsidya lina. Mwana wotereyu satsanzika kwa aphunzitsi. Anzake a m'kalasi ndiwo amayankha kuti, wapita ku Zambia.

Kale chifukwa chachikulu chojombera chidali fizi. M'chaka cha 1994 boma lidathetsa malipiro m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'dziko lonse chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda zidachepa, ana ambiri adaphunzira pansi pa mitengo, ndipo padalembedwa aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku koleji. Midzi idaumba njerwa, idatuta mchenga ndi madzi. Komabe posakhalitsa zidaoneka kuti kuchotsa fizi sikuchotsa njala, sikugula sopo, kope kapena chovala choti mtsikana wosinkhuka aimirire nacho pamaso pa anzake.

Apa ndi pamene Mchinji idaphunzitsa dziko lonse. M'chaka cha 2006 boma, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, lidayamba kuyesa m'bomali ndondomeko imene lero imadziwika kuti Mtukula Pakhomo. Makomiti a m'midzi adasankha mabanja osaukitsitsa amenenso adalibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye, odwala ndi olumala, pafupifupi banja limodzi mwa mabanja khumi alionse. Banja linkalandira kuyambira K600 mpaka K1,800 pa mwezi malinga ndi kukula kwake, ndipo pamwamba pake pankabwera K200 pa mwana aliyense wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Ndalamazi sizidali zambiri ngakhale pa nthawiyo. Koma ofufuza a ku Boston University, amene adatsata mabanjawo mu 2007 ndi 2008, adapeza kuti ana ambiri adalembetsa sukulu, kujomba kudachepa, ndipo ganyu ya ana m'minda ya ena idatsika. Adapezanso chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri pa misonkhano: ntchito za ana pakhomo pao pomwe zidachuluka, pakuti banja logula mbuzi limafunanso woiweta. Ndondomekoyi idafalikira pang'onopang'ono mpaka idafika m'maboma onse 28.

Malamulo nawo alipo. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene watenga pathupi ali pa sukulu amaloledwa kubwerera akabereka. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulayimale. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Koma lamulo lilibe miyendo. Silidziwa kuti pa mpando wachitatu m'kalasi ya Sitandade 6 papita masiku asanu popanda wokhalapo.

Odziwa zimenezi ndi anthu a pamudzi pomwepo. Pa sukulu imene zinthu zikuyenda, mphunzitsi akaona dzina losayankhidwa sabata yathunthu amauza mphunzitsi wamkulu, iyenso amauza komiti ya sukulu ndi gulu la amayi lotchedwa mother group. Amayiwa salandira malipiro. Amasiya khasu, n'kupita ku nyumba ya mwanayo, n'kukhala pa mphasa. Safulumira kudzudzula, amayamba ndi kufunsa za moyo, za mvula, za odwala, ndipo chifukwa chenicheni chimatuluka chokha pambuyo pake. Chikakhala cha sopo kapena makope, amasonkherana. Chikakhala cha ukwati kapena cha munthu amene wabwera kudzatenga mwana kuti akagwire ntchito, nkhani imapita kwa anyakwawa, ndipo m'midzi yambiri muli malamulo a m'mudzi olipiritsa kholo nkhuku kapena mbuzi. Ena amadandaula kuti chindapusa chimagwera wosauka amene alibe ngakhale nkhukuyo, ndipo dandaulo limeneli ndi lomveka. N'chifukwa chake mafumu ena amayamba aitana makolo pabwalo kawiri kapena katatu, n'kuwapatsa tsiku loti mwana aoneke m'kalasi, asanatchule za mbuzi.