Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Zithunzi Zojambulidwa ndi Droni mu Mzinda wa Blantyre



Ndithokoze okonza mwambowu pondipatsa ulemu umenewu. Koposa ndithokoze mayi wathu mwini zithunzi zimene zapachikidwa m'makomamu. Mayi, mwagwira ntchito, ndipo tabwera kudzaona thukuta lanu.

Mzinda uno ndi kamera anadziwana kalekale. Zaka zoposa 100 zapitazo, a Mungo Murray Chisuse, amene ankasindikiza mabuku ku mishoni ya Blantyre, anali atayamba kale kujambula. Ndiwo anajambula mbusa John Chilembwe ndi banja lake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu 1915 asilikali a atsamunda anagwetsa tchalitchi chimene Chilembwe anamanga, koma zithunzi zinapulumuka. Lero mwana wa sukulu amaidziwa nkhope ya Chilembwe, imene ili pa ndalama zathu, chifukwa munthu wina anaimika kamera n'kujambula zimene zinali patsogolo pake. Wojambula ndi mboni, ndipo nkhani yanga madzulo ano yagona pamenepo.

Akuluakulu anzanga mukukumbuka wojambula wa panjinga uja, wobwera Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi. Munkalipira theka, n'kudikira kuti filimu idzaze, apite nayo kutauni akatsuke. Mwezi wathunthu ukatha ankabwera ndi khadi lanu, kapena ndi uthenga woti chithunzi chinapsa. Iye ankajambula ataima pansi, monga tonsefe timaonera zinthu. Kumwamba kunali kwa mphamba ndi akhwangwala. Munthu woyamba kujambula dziko ali m'mwamba anali Nadar wa ku France, mu 1858, ndipo anachita kukwera chibaluni. Ngakhale posachedwapa, wofuna chithunzi chotere ankayenera kubwereka ndege kapena helikopita pamtengo woti ungagule nyumba. Lero kandege kotchedwa droni kamakwana m'chikwama cha kumsana, woyendetsa ali chiimire pansi, maso ali pa foni.

Pa nkhani ya droni, Malawi sanabwere mochedwa. Mu 2016 boma ndi UNICEF anayesa kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pa droni mu mzinda wa Lilongwe. Mu Juni 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera madroni othandiza anthu, oyamba a mtundu wake mu Africa muno. Mu Januwale 2020 inatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America ndi yunivesite yathu ya MUST ya ku Thyolo. Achinyamata athu tsopano akudziwa kuulutsa, kukonza ngakhale kupanga tindegeti.

Wina angaganize kuti ntchito imagwira ndi droni, mayiwa amangodina batani. Afunseni. Batire limodzi limatha m'mphindi ngati 30, ndipo kumene kuli malo okongola nthawi zambiri kulibe potchajira. Dzuwa la masana limaphwanthitsa dziko, phiri ndi chigwa zonse zimaoneka zofanana, choncho wojambula amadzuka tambala woyamba kuti apeze kuwala kwa mbandakucha, pamene mithunzi ili yaitali ndipo mzere uliwonse wa m'munda ukuonekera. Kunyanja, mwera ukayamba mu Juni kapena Julayi, kandegeko kangathe kupita osabwerera. Ku Mulanje ndi ku Thyolo chiperoni chikatsika, munthu amagona paphiri masiku angapo osaona ngakhale mtengo uli pafupi. Mu Okutobala mpweya umadzaza utsi wa tchire lotenthedwa ndi osaka mbewa, mapiri onse n'kubisala. Chithunzi cha Sapitwa chili pakhomo pajachi, nsonga ya mamita 3,002 itatulukira pamwamba pa mitambo, sichinagwe kumwamba ayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono mukamazungulira, musamangoti kukongola. Yang'anitsitsani.

Pali chithunzi china cha m'chigawo chapakati chimene chandigwira mtima kuposa zonse. Minda yafiira kuchokera kuno mpaka uko, njira zikupotapota, madenga a malata akunyezimira, ndipo apo ndi apo pali timagulu ta mitengo tobiriwira. Mafumu muli pano mwadziwa kale kuti ndi chiyani. Ndi manda. Nkhalango zimene zatsala m'midzi yathu yambiri ndi zimene akutilondera ndi akufa, chifukwa kumeneko nkhwangwa imaopa. Munthu ukamayenda pansi suzindikira, poti pakhomo pali mango, kudimba kuli nthochi, umaganiza kuti mitengo ilipo. Droni ikakwera, chinyengo chimenecho chimatha.

Pali Ndirande, phiri limene makolo a muno amalikumbuka lili ndi mitengo, lero lili mbee. Pali Soche, ndi zipsera zimene madzi, matope ndi miyala zinasiya mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phirilo n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ena mwa inu munataya abale usiku umenewo, ndipo sindinena zambiri. Koma onani m'chithunzimo pamene nyumba zinafika, onani pamene mitengo inathera, onaninso njira imene madzi anasankha. Mwana wa sitandade 5 angathe kuwerenga chithunzi chimenecho popanda womumasulira. Pali nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, mabwato atagona pamatope. Pali Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ndi utsi wa mauvuni a makala ukufuka pakati pa nkhalango. Ndipo kuti mitima isalemere kwambiri, pali minda ya tiyi ya ku Thyolo, pali mapiri oyalana a ku Nyika, pali nyali za asodzi a usipa usiku panyanja, pali nkhungu zikutuluka m'madzi zimene mlendo angalumbire kuti ndi moto wabuka pakati pa nyanja.

Apa ndiye ndifike pa makompyuta, pakuti chithunzi chilichonse muno chadutsa mu Lightroom kapena Photoshop, ndipo ana athu ali ndi Snapseed m'mafoni mwawo. Ine sindili m'gulu la onena kuti chithunzi chokonzedwa ndi chabodza. Kamera siona monga diso la munthu. Diso limaona mtambo wowala ndi chigwa chamdima nthawi imodzi, pamene kamera imasankha chimodzi, chinacho n'kuchiwononga. Chithunzi chikangotuluka mu droni chimakhala chotuwa. Wojambula amayenera kuwalitsa mithunzi, kuchepetsa kuthobwa kwa dzuwa, kuwongola mzere wa nyanja kuti madzi asaoneke opendekeka, nthawi zina kulumikiza zithunzi zingapo kuti phiri lonse likwane. Otsuka zithunzi m'chipinda chamdima kale ankachitanso zomwezo ndi manja. Kumeneko ndi kuthira mchere m'ndiwo: umadzutsa kukoma kumene kulimo kale, koma susandutsa bonongwe kukhala chambo.

Vuto n'lakuti mapulogalamu a lero amatha kusandutsadi. Chimanga chofota ndi ng'amba, kukoka chala kamodzi chabiriwira. Majumbo odzaza mu mtsinje wa Mudi, kuwazunguliza n'kudina, afufutika. Kumwamba kwa utsi mungakuchotse n'kuikapo kumwamba kwa dziko lina. Ndipo tsopano kwabwera mapulogalamu a AI oti mukawauza kuti dzalani mitengo paphiri ili, amadzaladi, mithunzi yake n'kukhala bwinobwino. Mungathe kubwezeretsa nkhalango ya Ndirande madzulo amodzi musanadye nsima, osagwira khasu. Anthu pa Facebook adzakuyamikani. Koma mudzakhala mutaba umboni m'manja mwa mdzukulu amene adzafune kudziwa kuti dziko lake linali lotani m'masiku athu.

Kunja kuno ena zinawaonekera. Mu 2006 wojambula wina anawonjezera utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut nthawi ya nkhondo, ndipo bungwe la Reuters litazindikira linachotsa zithunzi zake zonse, zoposa 900, zoona ndi zabodza zomwe. Mu 2015, pa mpikisano wa World Press Photo, chithunzi chimodzi mwa zisanu zilizonse zimene zinafika kufupi ndi ndime yomaliza chinatayidwa chifukwa chosinthidwa mopitirira. Sindikuletsa luso. Ngati mwafuna kutionetsa maloto anu, Ndirande wa mitengo amene mukumulakalaka, chitani, ndipo mwina tidzagula. Ingolembani pansi pake kuti ichi n'chopeka. Mayi wathuyu wandisangalatsa chifukwa pansi pa chithunzi chilichonse walemba malo, mwezi ndi chaka, ndipo mafayilo oyamba osakonzedwa wawasunga.

Palinso za ulemu. Mabafa athu ambiri kumudzi alibe denga, ndipo amene anawamanga sankadziwa kuti tsiku lina kumwamba kudzakhala maso. Kumtsinje kuli kosamba amayi. Kuli dambwe, kuli tsimba, kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, malo amene ngakhale mwana wobadwira pomwepo salowa chisawawa. Mpanda umene mapazi anu saloledwa kudumpha, droni yanunso isadumphe. Mukafika pamudzi yambani mwaonekera kwa amfumu, fotokozani, aonetseni anthu kandegeko kali pansi, ana akagwire, agogo aone denga lawo pa foni. Tisaiwale 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kuno kummwera. Mlendo wotulutsa chipangizo cholira m'chikwama popanda kuuza munthu amadziika yekha pangozi. Malamulo a boma nawonso alipo: tengani chilolezo kwa oyang'anira za ndege, talikirani mabwalo a ndege a ku Chileka ndi Kamuzu, ndipo ku Liwonde kapena ku Majete musaulutse musanapemphe, pakuti njovu zimadzidzimuka ndi kulira kumeneko.

Kwa inu a makampani, a mahotela ndi a mabungwe, chonde lekani kutola zithunzi pa intaneti n'kuziika pa kalendala ngati zinamera zokha. Lamulo la umwini wa ntchito za luso la 2016 limateteza ojambula, ndipo bungwe la COSOMA lilipo. Kuuza wojambula kuti tikutchukitsa sikugula batire. Phiri la Mulanje linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, kutsatira paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Alendo adzafuna kuona malo amenewa asanagule tikiti, ndipo ndi bwino awaone kudzera m'maso a ana athu, olipidwa moyenera.

Pempho langa kwa inu mayi, ndi kwa ophunzira mwakhala kumbuyoko, ndi ili. Malo amene mwajambulawa mudzabwerereko pakatha zaka zisanu, mwezi womwewo, droni idzaime pomwe inaima, mudzajambulenso. Mudzatero kachiwiri pakatha zaka khumi. Makope ena mukasiye ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba, pakuti foni imatayika ndipo kompyuta imafa. Ndipo zithunzizi zisathere m'holo muno. Zipite ku Chilobwe, ku Kachulu kunyanja ya Chilwa, kumidzi ya m'mphepete mwa Dzalanyama, eni malo akaone kwawo. Inu mafumu mukaziitanitsa, mudzakhale nazo pansi ndi anthu anu pokambirana za pomanga nyumba ndi podzala mitengo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetsero chino chatsegulidwa. Lowani muone, mufunse mafunso, ndipo amene muli ndi kangachepe m'thumba mugule chithunzi.