Ntchito ya Diso Lomaliza Buku Lisanasindikizidwe



Wachinyamata akalembedwa ntchito kumalo osindikiza mabuku amayembekeza kuyamba ndi kulemba nkhani zake. M'malo mwake amam'patsa zolemba za eni ake ndi cholembera chofiira kuti asake zolakwika. Phunziro loyamba ndi lowawa ndithu: aleke kukomedwa ndi nkhani, pakuti wokomedwa amawerenga zimene akuyembekezera, osati zimene zili papepala.

M'Chichewa chilembo chimodzi chimagubuduza chiganizo chonse. Mawu akuti mphasa akataya h amasanduka mpasa, ndipo mlendo wolemekezeka amakhala kuti wayalidwira nsomba. Ng'oma ikasowa nkhodolero imasanduka ngoma, nyama ya m'tchire, yomwe palibe angaiimbe pabwalo. Kompyuta yozolowera Chingerezi siona zimenezi. Nthawi zina imadula mawu aatali pamapeto a mzere mosasamala kuti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu.

Wophunzirayo amadziwanso kuti kalembedwe kamasintha. Buku Lopatulika lakale linkalemba kuti cifukwa ndi Cibvumbulutso, ndipo abale a ku Zambia akusungabe c yopanda h. Ku Malawi, bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973. Tsono wosindikizanso buku lakale ayenera kusankha kalembedwe kamodzi n'kukatsata mpaka tsamba lomaliza. Mayina ndiwo amavuta koposa. Mlembi wa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa amalembedwa Ntara m'mabuku ena, Nthara m'mabuku ena, ndipo wofufuza m'nyumba yosungira mabuku angaganize kuti ndi anthu awiri.

Maonekedwe a buku nawo ali ndi malamulo ake. Masamba amachokera ku pepala lalikulu lopindidwa, n'chifukwa chake kabuku ngati kano kamakhala ndi masamba ogawika ndi 4. M'mphepete mosokera mumafunika mpata, kuopa kuti mawu angamezedwe. Zilembo zing'onozing'ono zimapulumutsa ndalama, komatu zimamana agogo amene anafotokoza mbiriyo mwayi woiwerenga.

Nkhaniyi ikukhudza mwambo wa lero. Mndandanda wa mafumu, ziwongo ndi mayina a midzi zinkasungidwa pakamwa, ndipo wolakwitsa ankadzudzulidwa pomwepo ndi akulu. Akuluwo akutha. Dzina likalakwika m'kabuku ka mwambo, mwana wasukulu adzalikopera, mtolankhani adzalibwereza, ndipo tsiku lina kabukuko kadzatulutsidwa pabwalo la milandu ya ufumu ngati umboni.

Choncho zolemba za mbiri zisamapite kumakina usiku wa mawa lake mwambo. Zizidutsa kaye m'maso mwa anthu awiri amene sanazilembe: wina wodziwa malamulo a kalembedwe, wina wamkulu wa m'mudzi womwe mayinawo achokera, amene awerengeredwe dzina lililonse mokweza.