Volebo ya Chokhala Pansi: Phunziro la Whitney Dosty kwa Achinyamata a ku Nkhudzi



Whitney Dosty ndi mayi wa ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America. Adatchuka pa volebo ali pa yunivesite ya Arizona, ndipo atamaliza maphunziro adapita kumaiko ena kukasewerera matimu olipira. Volebo ndiyo idali ntchito yake. Kenaka adavulala kakolo moti sadathenso kudumpha monga kale, ndipo wa volebo wosadumpha, makamaka womenya mpira pa ukonde, ntchito yake yatha. Ambiri nkhani yawo imathera pomwepo. Iye adalowa volebo ya chokhala pansi, nayamba kuphunziranso ngati mwana wa sitandade 1, mpaka adasankhidwa m'timu ya dziko lake. Pa masewero a Paralympic a ku Tokyo, amene adachitika mu 2021, timuyo idagonjetsa China m'ndime yotsiriza ndi kutenga mendulo ya golide.

Tisaganize kuti adasamukira ku masewero opepuka. Bwalo la volebo wamba ndi la mamita 18 m'litali ndi 9 m'lifupi, pamene la chokhala pansi ndi la mamita 10 ndi 6. Ukonde wa amayi umatsika kuchoka pa mamita 2.24 kufika pa 1.05, wa abambo kuchoka pa 2.43 kufika pa 1.15. Bwalo likachepa ndipo ukonde ukatsika, mpira umafika msanga, nthawi yoganiza imachepa. Lamulo lalikulu ndi lakuti pokhudza mpira, wosewera asanyamuke pansi. Choncho manja omwewo amene akankhe thupi kuti lifike pamene mpira ukugwera ndi omwenso aulandire. Wozolowera kuthamanga ndi miyendo amapeza kuti nzeru za masewero akadali nazo zonse, koma thupi likuchedwa kufika. Palinso lamulo limene limadabwitsa ochokera ku volebo wamba: kuno n'kololedwa kutchinga mpira woyambira pa ukonde pomwepo.

Masewerowa adayambira ku Netherlands mu 1956. Abambo adayamba kupikisana nawo pa Paralympic mu 1980 ku Arnhem, amayi mu 2004 ku Athens. Bungwe la World ParaVolley limagawa osewera m'magulu awiri: VS1, a ulumali waukulu monga kuduka mwendo, ndi VS2, a ulumali wocheperapo. Malamulo amaika malire pa chiwerengero cha osewera a VS2 amene timu ingakhale nawo m'bwalo pa nthawi imodzi, kuti ovulala pang'ono asalande malo a anzawo.

Wina anganene kuti zimenezo n'za ku America, kumene kuli ndalama. Yankho lili ku Rwanda. Timu ya abambo ya dzikolo idasewera ku London mu 2012, ndipo m'timumo mudali amuna awiri amene pa nkhondo ya m'dziko lawo adali asilikali a mbali zotsutsana. Timu ya amayi idafika ku Rio de Janeiro mu 2016, ku Tokyo, ndiponso ku Paris mu 2024. Malawi adayenera kuyamba nawo masewero a Paralympic mu 2012, koma osewera sadanyamuke chifukwa cha kusowa ndalama. Dziko lino lidaonekera koyamba mu 2016 kudzera mwa Taonere Banda, wothamanga wa vuto la maso.

Kuno kunyanja nkhaniyi si yachilendo. Pa msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay njinga zamoto za kabaza zimagwetsa anthu, ndipo m'madzi muli ng'ona. Mnyamata amene dzulo lomweli amamenya mpira pamchenga madzulo, asodzi akukonza maukonde awo chapafupi, akhoza kutuluka m'chipatala ndi ndodo. Abale amamusamala, n'zoona, koma kumusamalako nthawi zambiri kumakhala kumukhazika pakhonde. Anzake amabwera sabata zoyamba, kenaka amabwerera kubwalo. Chimene wataya si mwendo wokha. Wataya timu, mayendedwe a madzulo ndi dzina limene anzake ankamuitanira. Komabe luso lowerenga mpira, limene adaliphunzira kwa zaka, likadali m'mutu ndi m'manja mwake. Dosty adafika patali chifukwa adapeza timu ndi bwalo zikumudikira.

Mchenga wa ku Nkhudzi ndi wabwino pa volebo yoimirira, koma wosewera chokhala pansi amafuna malo osalala oti azitsetsereka popanda kusupuka. Chofunika ndi simenti yosalala ya mamita 10 ndi 6, malo owonjezera m'mbali, mitengo iwiri yaifupi, ukonde ndi mpira. Holo ya sukulu kapena ya tchalitchi ikhoza kukwanira, bola pakhomo pakhale polowera njinga ya aulumali. Pa masewero a m'mudzi palibenso choletsa kuti opanda ulumali akhale pansi n'kusewera limodzi ndi anzawo, motero vuto la kuchepa kwa osewera silikhalapo.

Mapulani a chitukuko cha boma amayambira kumudzi: komiti ya VDC imalemba zosowa, ADC imazisanja, khonsolo imaziika m'ndondomeko yake. Chimene sichidalembedwe kumudzi n'chovuta kuti chipeze ndalama kukhonsolo. Pempho kwa makomiti ndi lakuti pa mkumano wotsatira aitane achinyamata aulumali eni ake, alembe maina a amene adasewerapo volebo, ayeze maholo amene alipo m'dera lino ndi kuona ngati mulingo wa mamita 10 ndi 6 ukukwanamo, kenaka atumize zimenezi ku ofesi ya zamasewero ya khonsolo.