KODI LITA YANU IRI YOKWANA?

 Lero ndifuna kuceza nanu za cinthu cobisika m'kati mwa pampu ya petulo, cimene ambiri a ife sitinacione ndi maso, koma ndico cimatiuza ndalama zoti tilipire. Cinthuco ndi mita yoyesa mafuta.

Tiyambire pa Madzimoyo, pamene pali misyoni yakale ya m'caka ca 1903, pafupi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Mai akamagulitsa nsawa m'mbali mwa mseu umenewo, amayesa ndi meda kapena kambale, ndipo wogula aona yekha ngati muyeso wadzala kapena waperewera. Akafuna apempha ndi mbasela yomwe. Koma mwamuna wa mai yemweyo akapita ku Chipata pa njinga yamoto kukathira petulo, saona kanthu ai. Mafuta acokera pansi pa nthaka, apyola m'paipi yakuda, nalowa m'tanki osaonekera. Iye angowerenga manambala, nalipira. Nanga wayesa mafutawo ndani, ndipo tidziwa bwanji kuti wayesa zoona?

Kale sizinali conco. Sylvanus Bowser, wa ku Fort Wayne m'dziko la America, anagulitsa pampu yace yoyamba m'caka ca 1885, ndipo inali ya parafini, pakuti nthawi imeneyo magalimoto anali asanafale. Pambuyo pace kunadza mapampu okhala ndi botolo lalikulu la galasi pamwamba, lolembedwa mizere ya magaloni. Wogulitsa amapopa ndi dzanja kufikira mafuta atafika pa mzere, ndipo wogula amapenya yekha mafuta alikutsika. Galoni imodzi ya kuno kwathu inali malita 4 ndi theka, ndi kadontho pamwamba. Lero galasi lija linacoka, ndipo nchito yace inapatsidwa kwa mita.

Mita ya m'mapampu ambiri iri ndi mapisitoni 4, onga a m'injini ya galimoto. Kusiyana kwace ndi uku: m'injini pisitoni ikankhidwa ndi moto, koma m'mita ikankhidwa ndi mafuta amene alikudutsa. Pisitoni iri yonse iyenda m'kacipinda ka ukulu wodziwika bwino, kamene kadzala ndi kukhuthula, kadzala ndi kukhuthula, monga mai uja ayesera ndi kambale. Mapisitoniwo azunguza kamtengo kacitsulo, ndipo m'mamita ambiri kamtengoko kakazungulira kamodzi ndiye kuti padutsa theka la lita. Pamwamba pace pali kacipangizo kowerenga kuzungulirako, kamene katumiza mau a magetsi ku kompyuta ya pampu. Kompyutayo ndiyo ilemba malita, niwacurukitsa ndi mtengo wa lita imodzi.

Tsono mita yabwino siikwanira payokha. Ikaikidwa mosasamala idzanama, cinkana mwini malo ali munthu woona mtima. Amisiri oika mapampu ayenera kusamala zinthu 5.

Coyamba ndi mpweya. Mita siitha kusiyanitsa mpweya ndi mafuta. Ciri conse cokankha pisitoni iciwerenga. Paipi yocokera ku tanki ya pansi ikakhala ndi mng'alu, pampu ikoka mpweya pamodzi ndi mafuta, ndipo wogula alipira mphepo. Cifukwa cace mapaipi ayesedwa asanakwiriridwe, ndipo pampu yokoka mafuta iri ndi kacipinda kocotsa mpweya mafuta asanafike pa mita.

Caciwiri ndi sefa. Mcenga ndi dzimbiri zikalowa m'mita ziperesa mapisitoni. Pisitoni yoperesedwa ilola mafuta ena kupulumuka m'mbali osawerengedwa, ndipo pamenepo wotaya ndi mwini malo. Mwaonatu kuti mita yoipa siisankha woti imdyere.

Cacitatu, paipi ya m'manja iyenera kukhala yodzala ndi mafuta nthawi zonse, kucokera pa mita kufikira kukamwa kwace. Muli timavavu toletsa mafuta kubwerera ku tanki. Timeneti tikafooka, wogula woyamba m'mawa angalipire mafuta ongodzaza paipi.

Cacinai ndi kucinjiriza moyo. Pampu imangidwa pa simenti yosalala, yokwera pang'ono kuti galimoto isaigunde msanga, ndipo ilumikizidwa ndi nthaka ndi waya, kuti kamoto ka magetsi kasayatse nthunzi ya petulo. Inu a ku migodi mudziwa bwino kuopsa kwa kamoto kamodzi pa malo oipa.

Cacisanu, zonse zikatha, mita iyesedwa. Athira mafuta m'citini cacitsulo ca malita 20, ca khosi lopapatiza lokhala ndi mizere, napenya ngati pampu ndi citini zibvomerezana. Zikasiyana, mmisiri akonza mita kufikira zitalingana. Pamenepo pa malo okonzerawo pamangidwa waya ndi cidindo, kuti wina asadzagwirepo mobisa. Muyeso wobvomerezeka m'maiko ambiri ulola kuphonya kosapitirira theka la gawo limodzi mwa magawo 100. Pa malita 20 amenewo ndi mamililita 100 okha, osadzaza ndi kapu ya tiyi yomwe.

Oika cidindo ca Boma m'dziko lathu ndi a Zambia Metrology Agency, bungwe lokhazikidwa ndi lamulo la m'caka ca 2017, limene linalowa m'malo mwa a Zambia Weights and Measures Agency. Iwo ayendera mapampu nthawi ndi nthawi ndi zitini zao zoyesera, namata cizindikiro pa pampu yopezeka bwino. Yopezeka yolakwa aitseka kufikira itakonzedwa. A Energy Regulation Board ndiwo apatsa cilolezo cogulitsa mafuta, nalengeza mtengo wa lita. Motero bungwe lina lisunga mtengo, lina lisunga lita, ndipo mtengo wabwino ulibe phindu ngati lita iri yoperewera.

Wina anganene kuti kuperewera pang'ono kulibe kanthu. Tiyeni tiwerenge. Tinene kuti mita iperewera magawo 2 mwa magawo 100. Woyendetsa minibasi amene athira malita 50 tsiku liri lonse ataya lita imodzi pa tsiku, ndiwo malita 30 pa mwezi, ndipo ndalama zimenezo zicokera pa nsima ya ana ace. Kumbukiraninso kuti mafuta acokera kutali. Paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa m'caka ca 1968, iyenda makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo kuyambira m'caka ca 2023 itenga dizilo woyengedwa kale. Mafuta ayesedwa pa doko, pa depoti ndi pa lole, koma muyeso wotsiriza, umene ukhudza thumba lanu, ndi uja wa pa pampu.

Pali mphekesera yakuti wothira petulo mbandakuca apindula kwambiri cifukwa mafuta ali ozizira. Nzoona kuti petulo afufuma akatentha, pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 kutentha kukakwera digiri imodzi. Koma tanki iri pansi pa nthaka, kumene kutentha sikusintha kwambiri usana ndi usiku. Musataye tulo cifukwa ca ici.

Zoyenera kucita ndi izi. Tsikani m'galimoto, mupenye kuti manambala ayambira pa 0 mafuta asanayambe kutuluka. Onani ngati mtengo wa pa pampu ulingana ndi wolembedwa pa cikwangwani ca kumseu. Funani cizindikiro ca oyesa, muwerenge tsiku lace. Pemphani risiti. Musaweruze pampu ndi singano ya m'galimoto mwanu, pakuti singanoyo ingoyerekeza. Ndiponso cigubu ca pulasitiki cochedwa ca malita 20 cimatenga oposa pamenepo, motero mpata wotsala pamwamba suli umboni wa kuba. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa mseu mumuona ndi maso ndithu, koma palibe amene anayesa botololo, kapena kudziwa cimene anasakanizamo.

Ngati mwakayika, musanyoze mnyamata kapena mtsikana wothira mafuta, pakuti si iye anaika mita. Lankhulani ndi mwini malo mwaulemu, ndipo mukapanda kukhutira, kadandauleni kwa a Zambia Metrology Agency, mutatenga risiti ndi nambala ya pampu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwini malo woona mtima sakwiya ndi funso lotere, pakuti mita yoona imcinjiriza iyenso.

 Inu amene mulikukonza ulendo wobwera kumudzi, muyende bwino, ndipo pa pampu iri yonse maso akhale pa manambala. Gonani bwino nonse.